Ndime Naini ya Scholastica Saulos

Scholastica Saulos anabadwira ku Utale, mwana wachinayi mwa ana asanu ndi awiri a mlimi wa thonje. Masisitere a pa mishoni ankamudziwa ndi zinthu ziwiri, masamu ndi makani. Akamuuza kuti chakuti n'choletsedwa, iye ankafunsa kuti analetsa ndani, ndipo analemba pati. Mafunso amenewa anamudyetsa zikwapu zambiri, koma ndi omwewo anamufikitsa ku Zomba m'chaka cha 1975 kukaphunzira zamalamulo. Bambo ake anagulitsa mbuzi ziwiri kuti amugulire sutukesi ndi nsapato, ndipo anamuperekeza wapansi mpaka pa siteshoni ya Nkaya, akumulangiza njira yonse kuti kumeneko akaphunzire kutseka pakamwa.

Atamaliza anamulemba ntchito ku Lilongwe, mu ofesi ina ya boma yoyang'anira kayendedwe ka ndalama. Nyumbayo inali yatsopano, ikadanunkha penti. Ntchito yake inali kulemba malamulo okhudza mabanki, ngongole, ndi ndalama zotuluka kapena kulowa m'dziko. Anzake ankaiona ngati ntchito youma, koma iye anaikonda. Ankatha kukhala m'mawa wonse akulimbana ndi liwu limodzi, poti anadziwa kuti liwu loikidwa molakwika mu Lilongwe limakagonetsa munthu m'chitolokosi ku Nsanje.

Mu 1981 zinthu zinathina. Ku Mozambiki kunali nkhondo, katundu ankavuta kubwera, ndipo ndalama zakunja zinasowa m'mabanki. Bwana wake, a Chikalimba, anamupatsa ntchito yolemba malamulo atsopano akuti aliyense wopezeka ndi ndalama za dziko lina azikazipereka ku banki, apo ayi amangidwe. Scholastica analemba ndime zisanu ndi zitatu monga anamuuzira, kenaka anaima. Anakumbukira azimayi a nsomba amene ankawaona pa Nkaya akutsika sitima ya ku Nayuchi, atamanga ndalama za kuno pa nsonga imodzi ya chitenje, za ku Mozambiki pa nsonga inayo. Kwawo kwa anthu amenewa banki inali ulendo wa tsiku lathunthu, pamene msika wa kutsidya unali pongopalasa bwato. Choncho anawonjezera ndime ya naini, yonena kuti munthu wokhala kufupi ndi malire, wogulitsa zakudya, akhoza kusunga ndalama za dziko loyandikana nalo zosapitirira makwacha makumi awiri. Ndimeyo inali pa tsamba lomaliza. A Chikalimba anasaina Lachisanu madzulo ali ndi makiyi a galimoto m'manja, ndipo malamulowo anatuluka mu gazeti ya boma.

Patapita zaka zitatu, pa tebulo lake panafika fayilo ya bwana wina wamkulu m'chipani, mwini esiteti ya fodya. Bwanayo ankapempha chilolezo chotumiza ndalama zambiri kunja kuti agulire mathirakitala. Scholastica atafufuza m'mafayilo akale anapeza kuti mapepala a mathirakitala omwewo, manambala ake omwewo, anali atagwira kale ntchito kawiri. Analemba pa fayilo kuti lamulo silikulola, n'kuibweza. Tsiku lomwelo a Chikalimba anamuitana, natseka chitseko, n'kumukumbutsa mwaulemu kuti ali ndi azing'ono ake ku sukulu, ndiponso kuti kunena kwa ndithendithe Nanthambwe anadzitengera.

"Sindikukuuzani kuti mube, a Saulos," anatero a Chikalimba. "Mungolemba kuti mwaona ndipo palibe chovuta."

"Ndaona, bwana, ndipo chovuta chilipo. Ngati palibe, cholembera chanu n'chimenecho, sainani inuyo."

A Chikalimba sanasaine tsiku limenelo. Amene anadzasaina pambuyo pake Scholastica sanamudziwe, chifukwa sabata isanathe analandira kalata yomusamutsira ku Liwonde, kuti azikayendera mabuku a timagulu ta m'midzi tosunga ndi kubwereketsa ndalama. M'kalatamo munalembedwa kuti boma lakhulupirira luso lake. Anzake a mu ofesi anasiya kumupatsa moni m'makonde, ndipo tsiku lonyamuka anakweza yekha katundu pa lole.

Ofesi ya ku Liwonde inali kachipinda kuseri kwa nyumba yosungiramo feteleza, kopanda foni, kotentha ngati uvuni wa njerwa. Ambiri ankayembekeza kuti asiya ntchito mwezi usanathe. Iye anagula nsapato za pulasitiki ndi ambulera, n'kuyamba kukwera malole opita ku Ntaja, ku Nselema mpaka ku Ngokwe. Ankakhala pansi pa mitengo ndi azimayi a timagulu, kuwaphunzitsa kulemba zolowa ndi zotuluka, iwo n'kumamuphunzitsa Chiyao akumuseka katchulidwe. Anatha zaka ziwiri ali choncho, loya amene panalibe womufunsa za malamulo.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti 1986 anafika ku Ngokwe n'kupeza gulu la kumeneko lakhala chete, msungichuma wake palibe. Msungichumayo anali a Lukiya Twaibu, mayi wamasiye wa zaka za m'ma fifite, amene ankagula makumba ndi milamba kwa asodzi a pa nyanja ya Chiuta, kuwamba, n'kukagulitsa ku Liwonde. Azimayi anafotokoza kuti a Lukiya anawagwira pa lodibuloko atawapeza ndi mametikali, ndalama za ku Mozambiki, m'chitenje. Anati zimenezi sizinali zachilendo. Apolisi ndi ayufi, anyamata a chipani, ankasecha aliyense wochokera kunyanja, akapeza mametikali ankalanda, munthu n'kupepesa, n'kumapita. Cholakwa cha a Lukiya chinali chakuti anakana kupepesa, ndipo anafunsa risiti. Ndiye anawatsekera, madengu awo awiri a nsomba n'kutsalira pa lodibuloko pomwepo.

Scholastica anafunsa kuti ndalamazo zinali zingati. Atamva kuti zinali zokwana ngati makwacha khumi ndi atatu, anazindikira kuti mayiyo sanaphwanye lamulo. Zaka zisanu lamulo lake linali kugwira ntchito kuno, koma ndime zisanu ndi zitatu zokha. Ya naini inatsalira mu gazeti, m'Chingerezi, m'makabati a ku Lilongwe, ndipo iye mwini anali asanaganizepo n'kamodzi komwe zofunsa ngati inafika kwa eni ake.

Atabwerera ku Liwonde anamasulira ndimeyo m'Chichewa, n'kuitaipa ndi kaboni, makope anayi anayi, mpaka riboni inatha. Kenaka analembera a Chikalimba kupempha chilolezo chokaimira a Lukiya kukhoti. Yankho linabwera pa telegalamu, loti wogwira ntchito m'boma sangatsutsane ndi boma. Iye anayankha ndi kalata ya mizere itatu yosiya ntchito, n'kukapereka makiyi a kachipinda kaja kwa mlonda wa feteleza.

Pa khoti la majisitireti zinayamba bwino. Scholastica anawapezera a Lukiya belo, ndipo atangotchula ndime ya naini, wapolisi woimira boma anapempha kuti mlandu uyambe waima kaye akafunse akuluakulu. Akuluakuluwo anayankha mwanzeru zawo. Mlandu anausamutsira ku khoti la makolo la kwawo kwa a Lukiya, kumene masiku amenewo loya sankaloledwa kuimira munthu. Kalaliki amene anamuuza nkhaniyi analephera kumuyang'ana m'maso.

Scholastica anakwera lole ya ku Ngokwe tsiku lotsatira. Anawapeza a Lukiya kuseri kwa nyumba yawo akutembenuza nsomba pa waya, utsi uli tolotolo. Anawafotokozera zonse mosabisa: kuti iye kukhotiko sadzaloledwa kutsegula pakamwa, kuti akavomera mlandu mwina adzangolipira faindi, koma akakana n'kugonja akhoza kukaseweza kundende miyezi ingapo. Anawauzanso kuti lamulo limene linawamangitsa analemba ndi iyeyo.

A Lukiya anapukuta manja pa chitenje.

"Ndiye ndinu munatipangira msampha umenewu, achemwali?"

"Ndine, mayi. Koma ndinasiyamo khomo. Vuto ndi lakuti sindinakuuzeni pamene lili."

A Lukiya anati faindi salipira, chifukwa kulipira n'kuvomera kuti iwo ndi wakuba, pamene akuba enieni anadya makumba awo ndi mabanja awo. Anati kuwerenga sadziwa, koma ali mtsikana ku madarasa ankaloweza masura aatali a Korani m'chinenero chimene sankachimva n'komwe, ndiye mizere isanu ya Chichewa singawagonjetse. Anamuuza Scholastica kuti akhale pa mpasa ayambe.

Anakhala limodzi masabata atatu. M'mawa a Lukiya ankapita kudooko kukagula nsomba, Scholastica ali pambuyo ndi pepala, akuwayankhulitsa ndime ija m'njira. Kuloweza kunatha masiku awiri okha. Chovuta chinali china: a Lukiya anali ndi mkwiyo, ndipo akangoyamba kufotokoza ankalumphira ku nkhani ya madengu, kutchula mayina a ayufi ndi a amayi awo omwe. Scholastica ankawadula, n'kuwauza kuti khoti likufuna zinthu zitatu basi, kumene amakhala, chimene ankagulitsa, ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Zotsalazo n'zimene wapolisi akufuna kuti anene, kuti mlandu wa ndalama usanduke mlandu wonyoza chipani. Anakangana kangapo. Tsiku lina a Lukiya anamuuza kuti sukulu inamuchotsa ndulu, ndipo sanayankhulane mpaka dzuwa kupendeka. Koma mawa lake anayambiranso, Scholastica akusewera ngati wapolisi, kuwaopseza ndi kuwakola ndi mafunso, mpaka a Lukiya anaphunzira kuyankha funso lokhalo limene afunsidwa n'kutseka pakamwa.

Azimayi a gulu lija ankabwera kudzaonerera, ndipo pochoka aliyense ankatenga kope limodzi la ndime ija. Ena ankalipinda n'kulisunga pamodzi ndi khadi lachipani.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza, ena anaima m'mawindo. Pakhomo mesenjala ankaona makhadi, ndipo atafika pa Scholastica anati walamulidwa kuti mayi ameneyu alowe wopanda pepala lililonse, akakhale kumbuyo, ndipo akangotsokomola atulutsidwe. Scholastica anapereka chikwama chake osatsutsa. Gazeti inali italowa kale, itamangidwa m'chiuno mwa a Lukiya. Anakakhala pa benchi yomaliza pakati pa azimayi a nsomba, atafunda chitenje ngati iwo. Kutsogolo, pa mpando wa ndalema umene anachita kubwera nawo, kunakhala mkulu wina wa chipani wochokera ku boma.

Tcheyamani wa khotilo anali a Bakali, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wowonda wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Wapolisi anafotokoza mlandu mwachidule, n'kuika mametikali aja pa tebulo. A Bakali anafunsa a Lukiya ngati akuvomera kuti ndalamazo ndi zawo. A Lukiya anati ndi zawodi. Anthu anang'ung'udza, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma a Lukiya anapempha kuti afunseko wapolisiyo mafunso. Anamufunsa ngati akudziwa kumene iwo amakhala, iye anati kufupi ndi nyanja. Anamufunsa chimene chinali m'madengu, iye anati nsomba. Anamufunsa kuti ndalama zili pa tebulozo zingakwane makwacha angati, iye anazengereza, kenaka anati khumi ndi atatu kapena khumi ndi anayi.

Pamenepo a Lukiya anatembenukira kwa a Bakali, anaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, n'kunena ndime ya naini yonse kuyambira nambala yake mpaka liwu lomaliza, osapunthwa. Atamaliza anamasula gazeti m'chiuno n'kuipereka ndi manja awiri.

Wapolisi anaimirira n'kunena kuti khoti lisamvere zimenezi, mayiyu sadziwa kuwerenga, pali wina amene wachita kumuphunzitsa.

"Eya, anandiphunzitsa," anatero a Lukiya. "Nanga inu achimwene, zaupolisizi munabadwa nazo?"

Anthu anaseka mpaka mesenjala anamenya tebulo. Scholastica sanaseke. Maso ake anali pa a Bakali, amene anatsegula gazeti ija n'kumawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Anawerenga kawiri. Anavula magalasi, anayang'ana mkulu wa chipani uja, mkuluyo n'kumayang'ana kudenga. Scholastica anazindikira kuti wagwira dzanja la mayi woyandikana naye mwamphamvu, koma mayiyo sanalichotse.

A Bakali anati iwo anaphunzitsa ana zaka makumi atatu kuti chimene chalembedwa chiziwerengedwa mpaka kumapeto kwa tsamba. Anati pepalali ndi la boma, chidindo chake ndi cha boma, ndipo iwo sangaweruze boma kuti linanama. Anagamula kuti a Lukiya alibe mlandu ndipo ndalama zawo zibwezedwe pomwepo, anthu akuona. A Lukiya anaziwerenga pa tebulo la khoti, n'kufunsa za madengu awo. A Bakali anati za madengu sizili mu gazeti.

Chisangalalo sichinakhalitse. Patangotha masiku anayi, anthu awiri ovala masuti anamupeza Scholastica pa depoti ya Liwonde n'kumuuza kuti akufunidwa kukayankha mafunso pang'ono. Mafunsowo anatenga miyezi isanu. Sanamuzenge mlandu uliwonse. Ankangomufunsa mobwerezabwereza kuti anamutuma ndani kugawa mapepala m'midzi, iye n'kumayankha kuti mapepalawo ndi lamulo la boma lomwelo, ndipo ngati kuligawa n'kuukira ndiye ayambe amanga amene anasindikiza gazeti. Yankho limeneli linamuchedwetsa kutuluka, ndipo iye ankadziwa. Anatuluka mu Febuluwale, mvula ili pakati, atawonda, dzino limodzi litachoka. Anamva kuti a Bakali anawapumitsa pa utcheyamani, akulima mpunga kwawo. Anamvanso kuti ndime ya naini inafufutidwa mu gazeti ya mwezi wa Disembala, ndi mzere umodzi wokha.

Ku Blantyre maofesi a maloya onse amene anagogoda anamulandira ndi tiyi n'kumuuza kuti malo kulibe. Mmodzi mwa amene anaphunzira naye anamuperekeza mpaka panja n'kumunong'oneza kuti asabwerenso, ofesi ingatsekedwe. Abale ake ku Utale anamupempha kuti alembe kalata yopepesa, poti ena anapepesa ndipo anabwezeredwa pa ntchito. Scholastica anati apepesa tsiku limene wina adzamuonetse ndime imene anaphwanya.

Anakakhazikika ku Balaka. Anachita lendi khonde la sitolo ya telala pafupi ndi depoti ya basi, anaikapo tebulo, mipando iwiri ndi makina otaipira ogula kwa kalaliki wina wopuma ntchito. Chikwangwani sanaike. Anthu ankangouzana kuti pali mayi wina pa khonde la telala amene amadziwa zolembedwa. Kunkabwera azimayi amasiye amene penshoni ya amuna awo inasochera m'maofesi, alimi a thonje okolana ndi akatapila, aphunzitsi ofuna kuyambitsa kagulu kosunga ndalama. Iye ankawalembera makalata, koma asanawapatse ankawawerengera lamulo lake m'Chichewa n'kuwauza kuti alibwereze mpaka aligwire, kuti akakafika ku ofesi akayankhule okha. Ena zimenezi zinkawatopetsa, ankapita kwa olemba makalata a pa positi ofesi amene sankafunsa zambiri. Malipiro ake nthawi zambiri anali nkhuku, nandolo, kapena lonjezo. A Lukiya akamapita ku Ntcheu ndi nsomba ankatsika pa Balaka kudzamusiyira milamba iwiri, n'kumudzudzula kuti akuwonda ndiponso kuti Chiyao chake chikubwerera m'mbuyo.

Ku Chiuta kulanda mametikali kunapitirira, poti tsopano lamulo linali kumbali ya olandawo. Chimene chinasintha n'chakuti azimayi a kumeneko anayamba kufunsa risiti ndi nambala ya ndime, ndipo ayufi ena, posafuna phokoso, ankangowauza kuti adutse. Scholastica sankadzinamiza kuti kumeneko n'kupambana. Chaka chilichonse mu Janyuwale ankataipa kalata yopita ku ofesi yake yakale, yofotokoza chifukwa chake ndime ija iyenera kubwerera, ndi mawu ake enieni oti angokopera, n'kusaina dzina lake lonse ndi keyala ya telala. Yankho silinabwere n'kamodzi komwe.

Mu 1990 kunayamba kubwera mwamuna wina wa jekete la bulauni amene ankakhala tsidya la msewu, pa benchi ya wosoka nsapato, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akulemba m'kabuku aliyense wofika pa khondepo. Makasitomala anayamba kuchepa, ndipo telala anayamba kukamba zoti khondelo akulifuna. Scholastica anapirira sabata imodzi. Lolemba lotsatira ananyamula mpando wake wachiwiri, anawoloka nawo msewu anthu akuona, n'kukauika patsogolo pa mwamunayo.

"Bambo, dzuwa la Balaka si la masewera," anatero. "Bwerani mudzakhale pa mthunzi. Mayina ndizikuuzani ndekha, ndi kalembedwe kake komwe, kuti musamalakwitse."

Mwamunayo anati iyayi, iye akungodikira nsapato yake. Scholastica anausiya mpandowo pomwepo n'kubwerera ku tebulo lake, kumene mayi wina wa ku Phalula anali ataima ndi envulopu ya mapepala a malemu amuna ake. Anamupepesa mayiyo kuti mpando wapita kukagwira ntchito ya boma, anamukhazika pa wake, iye n'kuyamba kuwerenga mapepalawo ali chiimire.